Khansa ya M'mawere: Mankhwala a Mnzako Si Ako



Msodzi wofuna kampango satenga ukonde wa usipa. Amayamba wadziwa nsomba imene akuifuna. Madokotala nawonso masiku ano amatero ndi khansa ya m'mawere, pakuti matendawa ali mitundu ingapo, ndipo ina ndi yaukali: imakula msanga ndi kufalikira m'thupi.

M'chaka cha 1987, Dr. Dennis Slamon wa ku Los Angeles, ku Amereka, anaonetsa kuti zotupa zokhala ndi chinthu chotchedwa HER2 chochuluka ndi zoopsa koposa. Mwa amayi asanu odwala khansayi, pafupifupi mmodzi ali ndi mtundu umenewu. Mu 1998 dzikolo linavomereza mankhwala a trastuzumab, opangidwira mtundu womwewu.

Nanga amayi a mitundu inayo? Ku Japan ndi ku South Korea kunachitika kafukufuku wotchedwa CREATE-X pa amayi 910. Onsewa analandira kemotherapi, mankhwala amphamvu opha khansa, asanachitidwe opaleshoni. Koma madokotala atayeza nyama imene anachotsa, anapeza khansa idakalimo. Tsono theka la amayiwa analionjezera mapiritsi a capecitabine, theka linalo ayi. Zotsatira zinatuluka mu 2017. Patatha zaka 5, amayi 74 mwa 100 alionse amene anamwa mapiritsiwa anali moyo, matenda osabwerera, pamene mwa enawo anali 68. Pa mtundu waukali wotchedwa triple-negative, anali 70 poyerekeza ndi 56. Komatu mapiritsiwa amapweteketsa manja ndi mapazi, kotero sapatsidwa kwa aliyense.

Apa phunziro ndi lakuti chotupa chenichenicho ndicho chimauza dokotala mankhwala oyenera. Amayi ena amathawa akamva zotenga kanyama kokayeza, ati matenda afalikira. Mayi anga, chimene chimafalitsa matenda ndi kuchedwa. Popanda kanyamako, dokotala akhala ngati woponya ukonde mumdima wopanda nyali.

Mukamva kambulu m'bere, pitani kuchipatala msanga. Akakutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, musazengereze, ndipo mukafunse: "Khansa yangayi ndi ya mtundu wanji?" Musadandaule poona kuti mnzanu walandira mankhwala osiyana ndi anu. Inunso abambo, perekezani akunyumba kwanu, mukamvere limodzi mawu a dokotala.

Tikumanenso m'kope likudzali, Insha Allah.