Mng'alu ukaoneka, ndani angaimitse ntchito?

Masana a Lolemba pa 6 May 2024, nyumba yosanja kasanu yomwe inkamangidwa mumsewu wa Victoria m'tauni ya George, m'chigawo cha Western Cape ku South Africa, inagwa n'kukwirira anthu amene ankagwirapo ntchito. Patatha masiku ochepa, khonsolo ya tauniyo inalengeza kuti ikufuna mwachangu alangizi odziwa Chichewa, Chipwitikizi ndi Chishona kuti akatonthoze opulumuka ndi achibale awo. Chilengezo chimenechi chinaulula amene anali pansi pa zigumukirezo. Ambiri anali anthu obwera, ochokera ku Malawi, Mozambique, Zimbabwe ndi Lesotho, omwe anapita ku Joni kukasaka ya ufa ndi ya fizi ya ana. Pa anthu 62 amene anali pamalopo, 34 anamwalira. Mmodzi anatulutsidwa wamoyo atakhala pansi pa konkire maola 118.

Nambala ya 62 imeneyi sinadziwike msanga. Poyamba akuluakulu ankati panali anthu 75, kenako anati 81, mpaka pamapeto pake ndi pomwe anakhazikika pa 62. Opulumutsa anthu ankakumba usana ndi usiku osadziwa bwinobwino kuti akufunafuna anthu angati, chifukwa panalibe kaundula wodalirika wa amene analowa pachipata m'mawa wa tsikulo.

Mu July 2025, nduna yoona za ntchito za boma ku South Africa, a Dean Macpherson, inatulutsa zotsatira za kafukufuku wa mabungwe oyang'anira ainjiniya ndi akatswiri a zomangamanga. Ndunayo inati ngoziyo ikanapeweka. Ogwira ntchito anali ataona kale ming'alu pa zipilala ndipo ankamva nyumbayo ikunjenjemera. Ming'alu ina inangomatidwa ndi matope a simenti. Konkire yomwe inathiridwa sinafike pa mphamvu yofunika. Katswiri amene analembedwa kuti aziyang'anira chitetezo anasiya ntchito pakati, koma kumanga kunapitirira.

Chodabwitsa n'chakuti South Africa si dziko losowa malamulo. Ili ndi lamulo la chitetezo ndi umoyo pantchito la 1993, malamulo apadera a ntchito zomangamanga a 2014, bungwe la NHBRC lolembetsa ndi kuyendera nyumba zokhalamo, ndi bungwe la ECSA lopereka ziphaso kwa ainjiniya. Zonsezi zinalipo tsiku limene nyumba ya ku George inagwa. Apa ndi pamene anthu amasiyana maganizo. Ena amati ngozi ngati imeneyi ikufuna malamulo okhwima ndi zilango zowawa. Ena amati malamulo achuluka kale, ndipo kuwonjezera ena n'kungolemetsa anthu amene akuyesetsa kumanga ndi ndalama zochepa.

Mbali yachiwiriyi anthu amakonda kuinyoza asanaimve, pomwe ili ndi mfundo. Taganizirani kontirakitala wamng'ono wa ku Lilongwe amene wapambana ntchito yomanga midadada iwiri ya sukulu. Wapambana chifukwa mtengo wake unali wotsika kuposa wa anzake. Simenti ikukwera mtengo ntchito ili mkati, ndipo malipiro ochokera kwa mwini ntchito amachedwa miyezi. Mukamuuza kuti agule zisoti, jombo, magolovesi ndi malamba a anthu makumi atatu, abwereke nsanja zachitsulo, ndipo alembe munthu woyang'anira chitetezo, iye amawerengera n'kuona kuti phindu lonse lathera pomwepo. Mnzake amene sanagule chilichonse mwa zimenezi ndiye adzapambane ntchito yotsatira. Lamulo likamagwira okhawo amene analembetsa kampani, limalanga woona mtima n'kusiya wozemba.

Mfundo ina ya mbali imeneyi ndi yakuti nyumba zambiri m'dziko ngati lathu sizimangidwa ndi makampani. Ku Ndirande, ku Area 25, ku Chibavi, mwini puloti amagwirizana ndi mmisiri, mmisiri amaitana anyamata aganyu, ndipo nyumba imakwera pang'onopang'ono malinga ndi mmene ndalama zikupezekera. Palibe kalata ya ntchito, palibe injiniya, nthawi zambiri palibenso pulani yovomerezedwa ndi khonsolo. Kukhwimitsa malamulo popanda anthu okwanira owatsatitsa kumangochulukitsa zifukwa zoperekera ya fanta. Woyendera malo amene alibe galimoto kapena mafuta amafika pomwe wanyamulidwa, ndipo womunyamula nthawi zambiri amakhala yemweyo amene akuyenderedwa.

Palinso zimene ogwira ntchito eni ake amachita. Kapitawo aliyense angakuuzeni za anyamata amene amavula chisoti dzuwa la October likaswa mtengo, kapena amene amagulitsa jombo zatsopano pamsika n'kubwerera ku masilipasi. Mnyamata amene wakhala miyezi itatu osapeza ganyu akapatsidwa mwayi wosankha pakati pa ntchito yoopsa ndi kugona ndi njala, sachedwa kusankha. Otsutsa malamulo okhwima amati kutseka malo omanga chifukwa cha nsanja ya mitengo ya bulugama n'kumulanda munthu ameneyu nsima ya lero pofuna kumuteteza ku ngozi ya mawa yomwe mwina sidzachitika.

Zonsezi n'zoona, koma zimabisa funso limodzi: ngozi ikachitika, amalipira ndani? Kontirakitala akasunga ndalama posagula lamba, mtengo wa ngoziyo suchoka padziko. Umangosamukira kwa mkazi wa mmisiri amene wathyoka msana, kwa ana amene asiyira sukulu panjira, kwa achibale amene akusonkherana kuti maliro achoke ku Western Cape kukafika ku Mangochi kapena ku Mzimba. Nyumba imaoneka yotsika mtengo chifukwa gawo lina la mtengo wake lalipiridwa ndi anthu amene sadzagonamo ngakhale usiku umodzi. Ku Malawi kuno lamulo la chipepeso cha ogwira ntchito la 2000 limapereka udindo wolipira wovulala kwa amene anamulemba ntchito. Koma waganyu wopanda kalata, amene dzina lake silinalembedwe paliponse, amayamba ndi ntchito yotsimikizira kuti anali pamalopo. Ambiri amangolandira ya thiransipoti yopitira kuchipatala ndi mawu achisoni, ndipo pepani sapoletsa chilonda.

Komanso si zoona kuti chitetezo chonse n'chokwera mtengo. Zimene zimapha anthu pa malo omanga n'zodziwika, ndipo zimafanana m'mayiko onse. Kugwa kuchokera pamwamba ndiko kumatsogola, ngakhale ku Britain komwe zipangizo n'zamakono. Kenako pali kugweredwa ndi zinthu, kukwiririka m'ngalande yakuya yopanda zochirikiza, kugwidwa ndi magetsi, ndi kugundidwa ndi makina. Zambiri mwa izi zimapeweka ndi nzeru ndi kudekha kuposa ndi ndalama. Nsanja ya bulugama yomangidwa bwino, yokhala ndi matabwa okwanira ndi mtengo wotchinga m'mbali, ndi yabwino kuposa yachitsulo yoimikidwa pa njerwa zogwedera. Dothi lokumbidwa likaunjikidwa patali ndi m'mphepete mwa ngalande, khoma la ngalandeyo silifulumira kugumuka. Konkire imafuna masiku 28 kuti ifike pa mphamvu imene injiniya anawerengera, ndipo wochotsa zochirikiza silabu nthawi isanakwane, pofuna kukazigwiritsa ntchito pena, amasewera ndi miyoyo ya amene ali pansi pake. Kuchepetsa simenti n'kuwonjezera mchenga, kapena kuthira madzi ambiri kuti konkire isavute kupalasa, kumafooketsa nyumba mwa njira imene diso silingaone tsiku lomwelo.

Pali ngozi zinanso zimene sizimveka pawailesi chifukwa zimapha mwakachetechete. Simenti yonyowa imatentha khungu, ndipo amene amapondaponda matope opanda jombo amadziwa mmene mapazi amang'ambikira. Fumbi lotuluka podula mabuloko, miyala kapena matailosi ndi girayinda limalowa m'mapapo n'kuwaumitsa pang'onopang'ono. Matenda ake ndi omwe aja anabwera nawo azigogo athu kuchokera ku migodi ya golide m'nthawi ya Wenela. Munthu amadzayamba kubanika patapita zaka, kumudzi, nyumba imene anamanga itapentedwa kale kangapo. Kuthira madzi podula kumachepetsa fumbili kwambiri, ndipo mtengo wake ndi ndowa imodzi.

Malamulo nafenso tili nawo. Lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito linakhazikitsidwa mu 1997, ndipo limapatsa Unduna wa Zantchito mphamvu zoyendera malo ogwirira ntchito. Bungwe la NCIC linabadwa ndi lamulo la 1996 kuti lizilembetsa makontirakitala ndi kuyang'anira ntchito zomangamanga. Mu 2019 dziko la Malawi linavomereza mapangano a bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO okhudza chitetezo pantchito, kuphatikizapo pangano la nambala 155. Ndipo ngozi sitiiona kwa anzathu okha: anthu a ku Blantyre sanaiwale mmene nyumba ya malo odyera a Kips inagwera mu 2011 ikukonzedwa, n'kupha anthu pakati penipeni pa mzinda. Lero nyumba zosanja zikuphuka m'mizinda yathu yonse, zina pa mapuloti amene kale panali nyumba wamba.

Ndikayang'ana mbali zonse ziwiri, ndimaona kuti mkangano wa kuchuluka kapena kuchepa kwa malamulo umatiphonyetsa chimene George yatiphunzitsa. Pamalo paja chidziwitso chinalipo. Amene ankanyamula njerwa ndi kuika matailosi ndiwo anayamba kuona ming'alu. Chinasowa ndi munthu wokhala ndi mphamvu yonena kuti ntchito iime, n'kumvedwa. Pa malo omanga, woona ngozi msanga ndi amene ali pansi penipeni pa ulamuliro, ndipo wokhala ndi mphamvu yoimitsa ntchito ndi amene amataya ndalama ntchitoyo ikaima. Mlendo amene mapepala ake sali bwino amaopa kuyankhula kuposa wina aliyense, chifukwa kudandaula kwake kungathere m'galimoto ya apolisi. Kwathu kuno waganyu saopa apolisi, koma amadziwa kuti pachipata pali anyamata ena khumi amene akudikira fosholo yake.

Choncho malamulo oyenera kuwaikira mtima ndi amene amasuntha mphamvu imeneyi. Loyamba ndi lokhudza mwini ntchito. Malamulo a ku South Africa a 2014, monganso a ku Britain a 2015, amanena kuti womangitsa ali ndi udindo pa chitetezo, ndipo sangasambe m'manja ponena kuti zonse anasiyira kontirakitala. Nzeru yake ndi yomveka: amene amaika mtengo ndi tsiku lomalizira ndiye amachititsa kuti anthu athamange kapena adekhe. Ku Malawi womangitsa wamkulu ndi boma pamodzi ndi mabungwe othandiza. Ndalama za chitetezo zitamalembedwa pazokha mu tenda iliyonse, zofanana kwa opikisana onse, n'kumaperekedwa pokhapokha zipangizozo zitaoneka pamalo, dandaulo la kontirakitala wamng'ono uja likhoza kuchepa kwambiri. Sangapambanenso ntchito munthu chifukwa choti wachotsa jombo za antchito pa mtengo wake.

Lachiwiri ndi ufulu wokana. Pangano la 155 lija limati wantchito amene wachoka pamalo poona kuti moyo wake uli pangozi yoonekeratu asalangidwe. Ufulu umenewu umakhala wa papepala ngati wokanayo mawa lake apeza dzina lake litafufutidwa. Umafuna njira yodandaulira mosadziwika, woyendera amene amabweradi akaitanidwa, ndi chilango kwa kapitawo wothamangitsa munthu chifukwa chochenjeza. Ndipo katswiri wa chitetezo kapena injiniya akasiya ntchito pakati chifukwa cha nkhawa, lamulo liyenera kumukakamiza kudziwitsa khonsolo, ntchito n'kuima mpaka wina atayendera.

Lachitatu ndi lotsika mtengo kuposa onse: kope la pachipata. Aliyense wolowa, kaya ndi mmisiri kaya ndi waganyu wa tsiku limodzi, alembedwe dzina ndi la wachibale wake. Kope limeneli ndilo limauza opulumutsa kuti akumbe mpaka liti, ndipo ndilo umboni wa mkazi wamasiye akamafunsa chipepeso.

Otsutsa malamulo okhwima akunena zoona kuti sitingayendere khoma lililonse la ku Mtandire, ndipo sitiyenera kumuuza womanga nyumba ya zipinda ziwiri kuti atsatire zonse zimene zimafunika pa hotela. Oyendera ochepa amene tili nawo apite kumene ngozi imapha anthu ambiri nthawi imodzi: nyumba zosanja, ngalande zakuya, milatho, ndi nyumba zakale zimene zikugumulidwa makoma kapena kuwonjezeredwa nsanjika. Kwa amisiri a m'makwalala, maphunziro a TEVETA ndi mapologalamu a pawailesi m'zinenero zathu angachite zambiri kuposa chindapusa. Koma pamene nyumba yayamba kukwera kupitirira denga limodzi, kunena kuti ndife osauka sikungakhale chifukwa chosiyira injiniya kunja, chifukwa silabu ikamagwa siyang'ana thumba la womangitsa.

Mabanja a ku Malawi amene analandira mabokosi kuchokera ku George sanataye abale awo chifukwa chosowa lamulo. Abale awowo anaona ming'alu, ena anainena, ndipo Lolemba m'mawa analowanso pachipata chifukwa lendi inkawadikira. Mzinda uliwonse umene ukumanga nyumba zosanja, kaya ndi George, Lilongwe kapena Mzuzu, uyenera kudzifunsa chimene chingachitike mawa mnyamata wa wilibala atamuuza kapitawo kuti chipilala chang'aluka. Ngati yankho lake ndi lakuti apatsidwa ndowa ya matope kuti akamate, malamulo onse amene ali m'mabuku sanayambe kugwira ntchito.