Usanathyole loko, yamba wagogoda kwa aneba

Holide yapitayi ndinafika kwathu kwa Kadewere kutada kale. Minibasi inachedwa kudzaza ku Limbe, ndipo wa kabaza ananditsitsa pamsewu cha m'ma 8 koloko usiku. Pakhomo panali zii, pachitseko pali loko. Mayi anali atapita kukagona kusiwa m'mudzi wina, foni yanga nayo inali itazima. Ndinasuzumira pansi pa mwala paja tinkabisa kiyi ndili mwana, osapeza kanthu.

Nzeru imene inandibwerera ndi yomwe ambiri a inu mukanaganiza. Ndinazungulira kuseri n'kuyamba kutokosa zenera la kuchipinda kwanga ndi kachitsulo. Posakhalitsa tochi inandiwala kumaso, mawu n'kumveka: "Wakuba! Wakuba kuno!" Wofuulayo anali mkamwini amene anakwatira m'mudzimo ine ndili kusukulu, ndipo sanali kundidziwa. Amuna anatulukira ndi zibonga. Chinandipulumutsa ndi agogo a nyumba yoyandikana nayo, amene atamva mawu anga anati, "Musiyeni uyo, ndi mwana wa pakhomo pano." Kiyi ija inali m'thumba mwawo. Mayi anawasiyira masana omwewo.

Tonse timamva pawailesi za anthu omenyedwa kapena kuotchedwa chifukwa chongoganiziridwa kuba, ndipo apolisi sasiya kuchenjeza kuti kulanga munthu mwa njira imeneyi ndi mlandu. Koma chenjezolo silingakutchinjirize chibonga chikakwezedwa kale. Mumdima palibe amene amafunsa chitupa. Munthu wotokosa zenera usiku amaoneka wakuba, ngakhale nyumbayo ikhale ya mayi ake.

N'chifukwa chake ndikuti ukatsekeredwa panja, usayambe ndi chitseko. Yamba ndi anthu. Gogoda kwa oyandikana nawo, dzitchule dzina ndi la kholo lako, ndipo pempha foni uimbire mwini kiyi. Ngati kwada kwambiri, gona komweko, loko sathawa. Ngati kulowa n'kofunikadi, mwina muli mankhwala a wodwala, itana anthu awiri kapena a nyakwawa aime pomwepo ndi nyali. Ukatero dula loko ndi sowo ya zitsulo kapena masula kachitsulo kokolekapo lokoyo. Loko watsopano umupeza pagolosale, pomwe chitseko ndi felemu yake zikasweka zifuna kalipentala ndi matabwa. Amene mumachita lendi pafupi ndi sukulu, uzani alandilodi musanakhudze chilichonse, poti chitsekocho si chanu. Ngakhale galimoto, ukatsekera kiyi m'kati pakati pa Limbe, yamba waitana mlonda usanalowetse waya pachitseko.

Mnzanga wina ananditsutsa. Iye akuti kusiya kiyi kwa aneba n'kudziitanira mavuto, chifukwa tsiku limene ufa kapena wailesi idzasowe, ubale udzathera pomwepo. Ali ndi mfundo, ndipo si aliyense woyenera kusungitsidwa kiyi. Koma pansi pa mwala kapena pamwamba pa felemu mpomwe wakuba weniweni amayambira kufufuza. Kuli bwino kusankha munthu mmodzi wokhulupirika, banja lonse n'kumudziwa.

Chimene chinandiwawa usiku umenewo si mantha okha. Ndinazindikira kuti ndasanduka mlendo kwathu komwe. Ife a kuyunivesite timafika ndi chikwama, kulowa m'nyumba, maso pafoni, holide n'kutha osapereka moni kwa aliyense. Kumaliro sitioneka, kuchitukuko sitioneka. Ndiye tidabwe chiyani akatiyesa akuba?

M'mawa mwake ndinapita kukapepesa kwa mkamwini uja, iyenso n'kupepesa, tinaseka. Ndisanabwerere kusukulu ndinadulitsa kiyi ina ku Limbe, ndipo ndinayenda khomo ndi khomo kutsanzika. Agogo aja anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ulendo wina uzifika dzuwa likadalipo, mwanawe."