Kondakitala wake inali mphepo

Abale anga a pamsika, sabata ino tiyeni tipumuleko kaye nkhani za kukwera mitengo kwa katundu. Ndili ndi funso. Kodi kasitomala woyamba kufika pa benchi yanu amakhala ndani, wokhala kuseri kwa mpanda wa msika kapena wochokera kutali? Ambiri muti wapafupi. Koma inu nomwe mukudziwa kuti geti likakhala mbali inayo, wapafupi uja amayamba wazungulira, pomwe wotsika basi ya kutali amangofikira pa inu. Mbiri ya chilumba cha Madagascar ndi yomweyo basi.

Chilumbachi, chomwe ndi chachinayi kukula padziko lonse, chili pa mtunda wa makilomita 400 ndi kanthu kuchokera ku gombe la Mozambique. Kungoposako ulendo wa Blantyre mpaka Lilongwe. Ndiye munthu nkumaganiza kuti anthu akumeneko amayankhula chinenero chapachibale ndi Chimakua kapena Chiswahili. Ayi ndithu! Mbale wake weniweni wa Chimalagasi ndi Ma'anyan, chinenero cha m'mbali mwa mtsinje wa Barito pa chilumba cha Borneo ku Indonesia, makilomita oposa 6,000 kum'mawa uko. Anaonetsa poyera zimenezi ndi mmishonale wa ku Norway, Otto Dahl, m'buku lake la 1951. Mwala ku Madagascar amati vato, ku Indonesia amati batu. Kufa kuno ndi maty, uko ndi mati. Mwaonatu?

Anthuwa anaoloka zaka zoposa 1,200 zapitazo, opanda injini, opanda petulo. Nanga anatha bwanji? Yankho ndi mphepo ndi madzi. Pa nyanja ya India mphepo ili ndi kalendala yake. Kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi imaomba kuchokera kumpoto chakum'mawa, Aswahili amati kaskazi. Kuyambira cha mu Epulo imatembenuka nkumachokera kummwera, imeneyo ndi kusi. Wodziwa kalendalayi amapita ndi mphepo ina nkubwerera ndi inzake, kutsata magombe a India, Arabia ndi Afirika. A geni ya usipa mukundimva, poti nanunso mwera ukavuta panyanja, mtengo wa ndowa umasintha mtauni.

Njira ina inali yachidule koma yoopsa. Kummwera kwa ikweta madzi a m'nyanja amayenda okha ngati mtsinje, kuchoka ku Indonesia kulunjika ku Madagascar. Umboni ulipo. Phiri la Krakatoa litaphulika mu 1883, miyala yake yopepuka ija inayandama mpaka kukocheza ku Zanzibar ndi ku Durban patatha pafupifupi chaka. Ngati mwala wopanda nkhafi unafika, kuli bwanji munthu wa thanga?

Komanso bwato lawo silinali wamba. Ankamangirira mitengo yoyandama m'mbali mwake kuti mafunde asaligudubuze. Mpaka lero asodzi a ku Zanzibar amayendera mabwato otere, dzina lake ngalawa, liwu lomwe ifenso timalidziwa. Mu 2003 anthu ena anakhoma chombo potengera chithunzi chosemedwa pa kachisi wakale wa Borobudur ku Java. Ananyamuka ku Jakarta mu Ogasiti, nkudutsa ku Madagascar ndi ku Cape Town, mu Febuluwale 2004 nkufika ku Ghana. Zotheka ndithu.

Tsono mbali ya kunoyi zinali zina. Pakati pa Mozambique ndi Madagascar madzi ndi aukali, amazungulira kwinaku akukokera kummwera. Bwato la mtengo umodzi, lomwe ndi mfumu pa Zambezi, pamenepo ndi chipande chabe. Komabe musati Aafirika sanafike. Anafika, ambiri kudzera pa zilumba za Comoros zomwe zili ngati miyala yopondapo pooloka mtsinje, ena pa malonda, ena pambuyo pake atagwidwa ukapolo. Nchifukwa chake ng'ombe kumeneko amati omby, nkhuku amati akoho, galu amati amboa ngati mbwa wa Chiswahili. Magazi a Amalagasi a lero ndi osakaniza, a ku Asia ndi a ku Afirika.

Chomwe chimandigwira mtima ine ndi katundu wa m'bwatomo. Akatswiri ofukula zakale analengeza mu 2016 kuti m'midzi yakale ya ku Madagascar ndi Comoros anapezamo kwambiri mpunga wa ku Asia, pomwe m'midzi ya m'gombe la kumtunda kuno munali mapira, mchewere ndi khobwe. Munthu wonyamula mbewu sakupita kokaona malo, akusamuka. Kafukufuku wina wa 2012 anayerekeza kuti amayi a ku Indonesia omwe anayambitsa mtunduwu analipo mwina 30 okha. Taganizani amayi anzathu, kukwera bwato ndi mbewu m'manja, kutsogolo madzi, kumbuyo madzi! Lero zidzukulu zawo zili m'mamiliyoni. Ngakhale nthochi mukuyala pa mphasazo kwawo kwenikweni ndi komweko, ku zilumba za kum'mawa. Inabwera, ife nkuilandira, lero tikuti ndi yathu.

Ndiye pamene mukukangana za malo pamsika, wina nkumati uyu ngobwera, kumbukirani Madagascar. Pamenepo wakutali ndi wapafupi anakumana, uyu ndi mpunga, uyu ndi ng'ombe, nkukhala mtundu umodzi. Palibe anamera pansi ngati bowa. Aliyense anabwera ndi njira yomwe mapiri, mitsinje ndi mphepo zinamutsekulira. Paja akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Musanamuthamangitse, yambani mwaona chomwe wanyamula mu dengu.

Tionana sabata yamawa, malonda akuyendereni.