Lichero la pakhoma

Nkhaniyi inayambira pa WhatsApp. Achemwali anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anatumiza zithunzi za pabalaza pa nyumba zina za kumeneko, n'kulemba kuti: "Achimwene, nyumba ya amayi ioneke chonchi Khirisimasi isanafike. Ndalama nditumiza."

Nditaziyang'anitsitsa ndinaseka ndekha. Panali sofa yamakono, nyale yolendewera kudenga, ndipo pambali pake mpando wolukidwa wa nsungwi, womwe uja amagulitsa m'mbali mwa misewu ku Blantyre. Pakhoma anali atakolekapo malichero. Ati imeneyi ndi sitayilo ya kasakaniza: chakale ndi chatsopano, chakumudzi ndi cham'tauni, zonse m'chipinda chimodzi. Mpando uja m'mashopu a ku Joni amautchula ndi dzina la dziko lathu lino, ndipo achemwali atandiuza mtengo wake ndinagwira pakamwa.

Nyumba yomwe tinkanenayo ili kwathu ku Mulanje, mukapitirira pa Chitakale panjira ya ku Likhubula. Anaimanga ndi malemu bambo athu ndi ndalama za ku esiteti ya tiyi, pamalo a kwawo kwa amayi, monga mwa chikamwini chathu. Balaza lake ndi lija mukulidziwa nonse: kabati yagalasi yodzaza makapu amene sanamweredwepo tiyi, masofa a anthu asanu ndi awiri ofunditsidwa nsalu zoluka, maluwa apulasitiki, makalendala a zaka zapita, ndi tebulo lapakati limene aliyense ankagundapo bondo magetsi akathima. M'chipindamo munkalowa abusa, ankhoswe ndi fumbi. Eni nyumba ankakhala pakhonde.

Ndinayamba molakwika. Tsiku loyamba ndinalowa m'khitchini, n'kutenga lichero la amayi, n'kukalikhomera m'mwamba pakhoma la pabalaza ngati mmene linalili pachithunzi. Amayi atabwera kumunda ndi nandolo wawo anafufuza paliponse.

"Lichero langa lili kuti?"

"Ndalikoleka pabalaza, amayi, kuti likongoletse khoma."

Anakaima pakhomo n'kuliyang'ana nthawi ndithu.

"Khomalo lipeta nandolo? Mwananga, chinthu chikasiya ntchito ndiye kuti chafa. Mawa udzandikolekanso ine?"

Ndinasowa poyankha. Foni ndinaiika m'thumba, ndipo kwa masiku awiri sindinagule kanthu. Ndinangokhala n'kumaona mmene anthu a pakhomopo amakhalira. Amayi sakhala pa sofa; amayala mkeka n'kutambasula miyendo. Adzukulu awo amalembera za kusukulu pansi, pafupi ndi chitseko, chifukwa ndi pokhapo pamene pamafika kuwala. Amalume akabwera kudzaona mbumba yawo amakokera mpando wa ndalema pakhonde, nkhope kuloza kuphiri. Mafoni a banja lonse amatchajidwira pa soketi imodzi yobisika kuseri kwa kabati. Zonsezi pazithunzi za achemwali panalibe.

Panalibenso nyengo ya kwathu. Ku Johannesburg nthawi yozizira kumauma gwa. Ku Mulanje mvula imagwa yosaseweretsa, ndipo ikangoti yatha, mu June ndi July chiperoni chimabwera ndi mawawa ake. Titasuntha masofa tinapeza kumbuyo kwake kutachita nguwi, khoma lili ndi mzere wakuda wosonyeza pamene chinyezi chinafika nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023. Choncho ndalama zoyamba zinapita ku zinthu zosaoneka pachithunzi: kusintha malata odontha, kukumba ngalande kuzungulira nyumba, ndi kukulitsa zenera loyang'ana kuphiri kuti mphepo ndi dzuwa zizilowa. Achemwali anadandaula kuti, "Nanga ndidzajambula ngalande?" Ndinawakumbutsa za chikomekome cha mkuyu.

Kenako tinayamba kusankha, ndipo chinthu chilichonse tinkachifunsa funso la amayi lija: ntchito yako n'chiyani pano? Sofa yaikulu inatsala, koma tinaiveka zitenje zogula pamsika wa Limbuli, kufupi ndi malire a Muloza, n'kuisuntha pang'ono kuti isagunde khoma. Masofa ena awiri anapita kwa achibale. Kabati inasamukira kodyera, makapu aja n'kuyamba kumweredwa tiyi, tiyi yemwe bambo anamuthyola moyo wawo wonse. Makoma atatu tinapaka oyera, limodzi tinalipatsa mtundu wa katondo. Matailosi amene achemwali ankafuna amayi anawakana, ati amazizira ngati mwala wa mumtsinje wa Likhubula, ndipo amene amakhala pansi ndi iwo. Tinangosalaza simenti, kupaka polishi wofiira, n'kuyala mkeka watsopano pansi pa zenera. Mipando iwiri ya nsungwi inalowa, nyale yamakono ija inalendewera, masoketi anakhala atatu.

Pa tebulo ndi pamene panali mayesero. Kalipentala wina anandinong'oneza kuti akhoza kundipezera matabwa a mkungudza, "osafunsa kuti achokera kuti." Mtima unagunda, chifukwa ndani sakonda fungo la mkungudza wa Mulanje? Chiswe sichiukhudza, njenjete zimauthawa. Koma ubwino womwewo ndi umene waupha. Mtengowu unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse. Mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo amtengo wapatali a dziko lonse lapansi. Ndiye ine ndikulitse zenera kuti tiziona phirilo, kwinaku nditatsamiritsa zigongono pa mitengo yake yobedwa? Ndinakana. Kuchipinda kwa amayi kunali bokosi lamkungudza limene bambo anagula kalekale, mosungiramo zovala za ku tchalitchi. Tinalipukuta n'kuliika pakati pa balaza. Ndilo tebulo lathu tsopano, ndipo mukalitsekula limanunkhirabe.

Ndikudziwa kuti ambiri amene ali ndi abale ku Joni kapena m'tauni akukonzanso nyumba za makolo masiku ano, ndipo n'zoyamikika. Kusakaniza zakale ndi zamakono si kwachilendo kwa ife. Anganga athu ankaika wailesi pambali pa mtsuko popanda kuitcha sitayilo. Chimene ndikuopa n'chakuti tingatenge ziwiya zamoyo za makolo n'kuzisandutsa zidole, nyumba n'kukomera kamera, mwini wake n'kubwerera pakhonde ngati mlendo. Musanaitane mmisiri, khalani kaye pansi muone pamene mayi anu amakhala, pamene mwana amawerengera, pamene madzi amalowera. Mapulani enieni ali pamenepo.

Nanga lichero lija? Linabwerera pakhoma, koma ndi amayi amene analoza pokhoma msomali: m'munsi, pafupi ndi chitseko cha kukhitchini, pofika dzanja lawo. Madzulo limakhala pamenepo, likuoneka bwino pa khoma lofiira, timankhusu tili m'mphepete. M'mawa limapita kuntchito.

Sabata yatha achemwali anaimba kuti ndiwajambulire balaza lonse, makamaka licherolo, akaonetse anzawo. Inali nthawi ya kum'mawa. Panja pankamveka phokoso la kupeta. Ndinawatumizira chithunzi cha msomali.