Msodzi Wobwerera Chimanjamanja

Kwathu kuno munthu akanyamula mbedza m'mamawa nabwerera madzulo wopanda kanthu, mayi wa m'nyumba safunsa zambiri. Amangotenga lichero napita kukathyola chisoso. Tsono taganizani za munthu amene amakwera ndege ku London kapena ku New York, nauluka usiku ndi usana mpaka ku New Zealand, nalipira namulondola pa tsiku limodzi ndalama zoposa malipiro a mwezi wathunthu a mphunzitsi wa pulayimale kuno, nakola nsomba yonona yotalika ngati mkono, kenaka n'kuibwezera m'madzi. Ambiri a inu awerengi mudzati mutu wake sukoka bwino. Inenso ndidayamba ndaseka. Koma nditasinkhasinkha ndidaona kuti chimene munthuyu akugula si nsomba ayi, ndiponso kuti ife osekafe tili nacho chofanana nacho chimene tikuchitaya chabe.

Ulendowo umayenda motere. Pa chilumba cha kumwera cha dzikolo pali mitsinje yochokera m'mapiri a chipale chofewa, kumene kulibe msewu kapena mudzi. Mlendo ndi namulondola wake amafikako pa ndege ya helikopita, kapena amayenda pansi atasenza hema ndi kamba wa masiku angapo. Nsomba imene amafuna ndi trout, yokonda madzi ozizira ndiponso yodya tizilombo togwera pamadzi. Chifukwa chake nyambo yake si nyongolotsi kapena nsima. Ndi kambedza kovekedwa nthenga ndi ulusi mwaluso kotero kuti kamaoneka ngati kachilombo kamoyo. Kanyamboka n'kopepuka kwambiri, sikangaponyeke pakokha. Chimene chimakanyamula ndi kulemera kwa chingwe, ndipo msodzi amayamba waguza chingwecho m'mwamba, kutsogolo ndi kumbuyo, asanachigoneke pamadzi mwakachetechete.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Madzi a mitsinje imeneyi ndi oyera mbee, nsomba zake ndi zazikulu koma zowerengeka, ndipo n'zochenjera. Munthu atha kuyenda mtunda wautali osaona ngakhale imodzi, pamene wazidutsa zingapo. Namulondola ndiye amatsogola, akunyang'ama m'mbali mwa mtsinje, kupenyetsetsa pansi pa dziwe lililonse. Pamene mlendo akuona miyala yokhayokha, iye amaona mwala umodzi ukugwedeza mchira. Amadziwa kachilombo kamene kakuswa mwezi umenewo, mbali imene chithunzithunzi cha munthu chingagwere, ndi nthawi imene mtsinje ungadzaze mvula ikagwa kumapiri. Kawirikawiri mlendo amakhala ndi mwayi woponya kamodzi kapena kawiri. Akaphonya, nsomba yathawa ndipo tsiku limenelo sidyanso. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mlendoyo ali ndi ndalama koma alibe zaka zodekhera pa mtsinje umodzi, choncho amabwereka maso a munthu amene adadekha kale. Nsomba ikabwezedwa m'madzi, namulondolayo adzailozeranso mlendo wina mwezi wamawa, nadzalandiranso malipiro. Akadaiwotcha, bwenzi itadyedwa kamodzi kokha.

Komatu maso a namulondola sakadapindula kanthu pakadapanda malamulo. Ku New Zealand n'koletsedwa kugulitsa trout yogwidwa mumtsinje, ndipo aliyense wofuna kuwedza ayenera kugula chilolezo. M'zigawo zambiri ndalama za zilolezozo zimapita ku bungwe la Fish & Game, limene limayang'anira nsombazi. Mitsinje yambiri ya kumwerako imatsegulidwa pa 1 Okutobala n'kutsekedwa kumapeto kwa Epulo, kuti nsomba ziikire mazira mwamtendere. M'chaka cha 2004 mudapezeka ndere yachilendo yotchedwa didymo mumtsinje wa Waiau, ndere yoyala pamiyala ngati bulangete lonyowa. Poona kuti itha kuyenda ndi nsapato za asodzi kuchoka mtsinje wina kupita wina, boma lidaletsa mu 2008 nsapato zowedzera za chidendene chosunga chinyezi. Ndipo kuyambira mu 2023, pa mitsinje ina yotchuka mlendo wochokera kunja amalipira mwapadera tsiku lililonse, ndiponso saloledwa kupitirira masiku asanu m'chigawo chimodzi pa nyengo yonse. Taonani dziko lobweza ndalama pakhomo kuti mtsinje upume!

Sindifuna kuti muganize kuti zonse n'zokoma. Amalonda a maulendowa amakonda kunena kuti akupita nanu kumalo kumene chilengedwe chili monga chidaliri pachiyambi. Pamenepo ndikutsutsa. Trout si mwini dziko ku New Zealand. Mazira ake adachoka ku England pa sitima ya pamadzi atakutidwa ndi ayezi, nafika ku Tasmania mu 1864, ndipo kuchokera kumeneko adawolokera ku New Zealand mu 1867. Mtundu wina udabwera kuchokera ku California mu 1883. Mlendo ameneyu atakhazikika adayamba kudya eni mudzi. Tinsomba ta komweko tidachepa m'mitsinje yambiri, ndipo nsomba imene Amaori ankaitcha upokororo, imene kale inkadzaza mitsinje, idatheratu m'zaka zoyambirira za m'ma 1900. Akatswiri amaloza chala trout pamodzi ndi kudulidwa kwa nkhalango. Lamulo loteteza nsombayo lidadza itazimirira kale. Kotero mlendo woima m'madzi ozizirawo, namaganiza kuti wafika kumene dzanja la munthu silidafike, wagwira m'manja mwake nsomba imene idafika ndi dzanja la munthu. Ine ndikuti namulondola woona mtima ayenera kumuuza zimenezi, ngakhale zichepetse kukoma kwa chithunzi chimene akajambula.

Nkhani imeneyi si yakutali monga ikumvekera. Atsamunda omwewo adabweretsa trout kunonso, naithira m'mitsinje yozizira ya pamwamba pa phiri la Zomba monga Mulunguzi, ya ku Mulanje ndi ya ku Nyika. Koma ife tili ndi nsomba yathuyathu yosachita kubwera pa sitima, ndiyo mpasa, imene imachoka m'nyanja n'kukwera mitsinje monga Bua ndi North Rukuru kukaikira mazira pamiyala. Alendo odziwa mbedza akhala akuifuna mumtsinje wa Bua, m'nkhalango ya Nkhotakota, chifukwa ndi yamphamvu pokoka. Nanga ife timaichita chiyani? Timaitchingira biyo pamene ili ndi mazira m'mimba, ena amathira katupe m'madziwe, ndipo minda yathu yolimidwa mpaka m'mphepete mwa madzi imatumiza matope okwirira miyala imene mazirawo akadagonapo.

Ndikudziwa yankho lake. Wina adzati, a New Zealand amabweza nsomba chifukwa akhuta. Ife tili ndi ana ofuna ndiwo. N'zoona, ndipo sindikuuza bambo wa ku Nkhotakota kuti aponyenso m'madzi chakudya cha banja lake pofuna kusangalatsa mzungu. Chimene ndikunena n'chakuti mpasa yogwidwa isanaswe ndi ndiwo za chaka chino zokha, ndiponso kuti nzeru yodziwa mtsinje ndi ntchito yolipidwa kwina, pamene kuno timaiyesa umbuli. Mnyamata wolemba mayeso a Fomu 4 amatha kutchula mitsinje ya ku Ulaya mwa ndondomeko, koma mukamfunsa mwezi umene mpasa imakwera mumtsinje wa kwawo, amakuuzani kuti mukafunse agogo. Agogowo ndiye namulondola, ngakhale palibe adawapatsapo dzinalo, ndipo palibe akulemba zimene akudziwa.

Aphunzitsi a m'masukulu a m'mbali mwa Bua angathe kuyamba teremu yomwe ino. Atume ana akafunse akuluakulu maina a madziwe, tizilombo timene mpasa ndi sanjika zimadya, mwezi umene zimakwera ndi umene zimatsika, ndiponso madziwe amene kale munali nsomba koma lero mwadzaza mchenga. Zonsezo azilembe m'kope limodzi, nalisunge mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi kaundula wa sukulu.