Tayala limanena zaka zake, werengani musanagule

Mvula yayandikira ndipo aliyense amene ali ndi njinga yamoto kuno ku Angónia wayamba kuyang'ana matayala ake ndi diso lina. Ena atha mano mpaka kusalala ngati dazi la agogo. M'thumba namo muli mochepa, pakuti feteleza nayenso akudikira ndalama yomweyo. Tsono anthu angapo andifunsa kuti kodi tayala lotsika mtengo koma lodalirika angalidziwe bwanji. Ndisanayankhe, ndiloleni ndiulule m'mene ine mwini ndidapusira.

Mu February chaka cha 2024 tayala lakumbuyo la mota yanga lidatha. M'sitolo latsopano ankanena 1,600 meticais. Pa msika wina ndidapeza mnyamata ali ndi matayala ogwirapo kale ntchito, opakidwa mafuta, akuchita kung'anima. Mano ake anali onse. Adanditchulira 700, ndipo ndidafika kunyumba ndikudziguguda pachifuwa kuti ndapulumutsa 900.

Patapita masabata atatu ndidanyamula alamu anga ndi thumba la mbatatesi kuchokera ku Dómuè. Pa malo ena otsetsereka tayala lija lidang'ambika m'mbali, chubu n'kuphulika, tonse tili m'ngalande. Ine ndidangosupuka pachigongono, koma alamu adathyoka mkono ndipo adatha masabata asanu ndi limodzi osagwira khasu. Mpaka lero akandiona amati, "Alamu, mota yanu ija mukuigulirabe nsapato za pakaunjika?"

M'mawa mwake mmisiri wachikulire amene adandikonzera njingayo adapukuta matope m'mbali mwa tayala ndi chala, nandionetsa manambala anayi, 1513. "Bambo," adatero, "tayala ili adalipanga sabata ya 15 m'chaka cha 2013. Mwagula nkhalamba yodzola mafuta." Safunsa adadya phula. Zonse zidali zolembedwa pa tayala lomwelo, koma ine ndidangowerenga mtengo.

Pachifukwa ichi, abale anga, nazi zimene muyenera kuwerenga musanatulutse ndalama.

Choyamba ndi zaka. Matayala ambiri ali ndi mzere wa zilembo woyamba ndi DOT, ndipo kumapeto kwake kuli manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Mukapeza manambala atatu okha, dziwani kuti tayalalo ndi la chaka cha 2000 chisanafike. Mphira umauma ndi zaka ngakhale tayala lisanapondeko pansi, makamaka likamakhala padzuwa. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likakwana zaka zisanu lizionedwa ndi mmisiri chaka chilichonse, ndipo likafika zaka khumi lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Lipindeni pang'ono ndi manja. Mukaona timing'alu m'mbali kapena pakati pa mano, lisiyeni pomwepo.

Chachiwiri ndi saizi. Pa tayala lanu lakale palembedwa manambala monga 3.00-18 kapena 2.75-17. Oyambawo akunena kufufuma kwa tayala, otsirizawo kukula kwa limu, zonse m'mainchesi. Tayala la 17 silingakhale pa limu ya 18, ngakhale wogulitsa alumbire kuti alikakamiza ndi zitsulo. Ena amakonda lalikulu kuposa loyenera kuti mota izioneka yaukali, koma lotere limakhula tcheni ndipo limavuta pokhota.

Chachitatu ndi katundu, ndipo apa akabaza ndi alimi tcherani khutu. Pafupi ndi saizi pamakhala nambala ndi chilembo, monga 47P kapena 52P. Nambala 47 ikutanthauza kuti tayalalo malire ake ndi makilogalamu 175, pamene 52 ndi makilogalamu 200. Chilembo P chikunena za liwiro, makilomita 150 pa ola, limene palibe wa ife ayenera kulifika. Tsono werengerani nokha: inuyo, wokwera kumbuyo, thumba la makilogalamu 50, kuonjezapo kulemera kwa mota yeniyeniyo, ndipo zambiri mwa izi zimatsamira tayala lakumbuyo. Onaninso ngati palembedwa 4PR kapena 6PR. La 6PR ndi lolimbirapo ndipo ndilo loyenera kumbuyo kwa njinga yonyamula katundu.

Chachinayi ndi msewu umene mumayendamo. Tayala la mano akuluakulu otalikirana limagwira bwino m'matope ndi mumchenga, koma pa phula limatha msanga. Amene ntchito yake ndi ya m'tauni ya Ulónguè kapena njira ya ku Calómuè asankhe la mizere yoyandikana. Wa ku midzi ya ku Tsangano, kumene dothi limaterera mvula ikagwa, asanyengedwe ndi tayala la m'tauni chifukwa chakuti latsikirapo mtengo.

Nanga dzina la kampani? Sikuti mpaka mugule la ku Ulaya. Makampani monga MRF ndi CEAT a ku India, kapena CST ndi Kenda a ku Taiwan, amapanga matayala a njinga zing'onozing'ono ngati zathuzi pa mtengo wofikirika. Chimene ndikukana ine ndi tayala lopanda dzina, lopanda tsiku, lopanda nambala ya katundu. Wopanga amene akubisa dzina lake akudziwa chimene wapanga.

Mukagula, musaumire pa chubu, chija ena timati kamara. Chubu chakale chimakhala chitafutukuka, ndipo m'tayala latsopano chimapindika n'kubooka. Njinga za masipoko zambiri zimafuna chubu ngakhale pa tayala palembedwe kuti Tubeless. Uzani mmisiri aone lamba wotchinga mitu ya masipoko, ndiponso atsate muvi wojambulidwa m'mbali wosonyeza kumene tayala liyenera kuzungulira. Makilomita 100 oyamba yendani modekha, chifukwa tayala latsopano limaterera. Mpweya muziuyeza ndi geji m'mawa tayala lisanatenthe, osati ndi chala kapena chidendene. Mpweya wochepa ndiwo umadya matayala ambiri kuno, chifukwa umatenthetsa m'mbali mwake mpaka kung'amba.

Ngati ndalama ikukwanira limodzi lokha, sinthani limene latha kwambiri, koma musanyoze lakutsogolo poti limachedwa kutha. Lakumbuyo likaterereka mwina mungaiwongole njinga. Lakutsogolo likaterereka mumangodzidzimuka muli pansi.

Tiyeni titsirize ndi masamu anga aja. Ndidalipira 700 ya tayala lokalamba, kenaka 1,600 ya latsopano lomwe ndinkalithawa lija, chubu china, ulendo wa ku chipatala, ndi aganyu olima m'munda mwa alamu. Tayala la 1,600 lija lidanditumikira kupitirira chaka, pamene la 700 lidakhala masabata atatu. Tsono lotchipa lidali liti?

Pitani ku sitolo ndi saizi yanu italembedwa pa kapepala, ndipo wogulitsa akakana kuti muwerenge m'mbali mwa tayala, tsanzikani mwaulemu n'kulowa khomo lina. Tikumanenso sabata ya mawa pa tsamba lomwe lino.