Musaope Kusungitsa Magazi pa Kafukufuku wa Khansa

Munthu wa ku Lupaso akaganiziridwa kuti ali ndi khansa, amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, kumene madokotala amamtenga magazi kapena kudula kachidutswa ka chotupa kuti akapime. M'zipatala zina, monga cha Kamuzu Central ku Lilongwe, odwala ena amapemphedwanso kuti zotsalazo zisungidwe kaamba ka kafukufuku. Pempho lotere ena amaliopa, makamaka chifukwa cha mphekesera za anamapopa, zonga zimene zinaphetsa anthu m'chigawo cha kumwera m'chaka cha 1917 kuonjezapo zaka zana, ndiye kuti 2017. Mantha amenewa ngotayitsa.

Mbiri ikuchitira umboni. M'chaka cha 1958 dokotala Denis Burkitt, ali ku Uganda, anafotokoza za khansa yotupitsa nsagwada za ana. Mu 1961 anayendera zipatala za Nyasaland, naona kuti nthendayi imachuluka m'madera otentha, onga a m'mphepete mwa nyanja, kumenenso malungo amavuta. Zidutswa za zotupa za ana a ku Uganda zinkatumizidwa ku London, ndipo mu 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapezamo kachilombo kotchedwa Epstein-Barr, koyamba kudziwika kuti kamayambitsa khansa mwa anthu. Popanda zidutswa zija, nzeru imeneyi sikadapezeka.

Lero akatswiri amayerekeza magazi ndi zotupa za odwala ambiri pofufuza zizindikiro zobisika, zoulula nthenda isanakule ndi zolozera mankhwala oyenera. Ntchitoyi imatenga zaka, n'chifukwa chake magazi amaikidwa m'mafiriji ozizira madigiri 80 kunsi kwa ziro. Ngati m'mafirijimo mulibe za Amalawi, zopezekazo zidzanena za matupi a anthu a kutali okha.

Komabe udindo waukulu uli kwa achipatala. Wodwala wa ku Lupaso afotokozeredwe m'Chitumbuka kapena m'Chichewa chomveka: magaziwo akasungidwa kuti, kwa nthawi yotani, ndiponso ngati adzatuluka m'dziko. Pabotolo palembedwe nambala, osati dzina. Kafukufukuyo akhale wovomerezedwa ndi komiti yoona za kafukufuku wa zaumoyo. Wokana asanyozedwe, ndipo chithandizo chake chisachepe.

Zimenezi zikatsatidwa, wodwala apereke ndi mtima umodzi, podziwa kuti akuthandiza ana ndi adzukulu ake.